Zikomo a National Gallery posatilipiritsa pakhomo

Kwa akuluakulu a National Gallery,
Trafalgar Square, London.

Ndalemba kalatayi kukuthokozani chifukwa chotilola kulowa ulere m'nyumba yanu yoonetsera zithunzi zojambula pamanja. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, ndipo kangachepe kotsala kamapita kumudzi. Mukanati muzidulitsa tikiti, bwenzi nditalowa kamodzi kokha, kuponya diso n'kumapita. Chonsecho chithunzi chomwe anajambula J.M.W. Turner, cha Ulysses akutonza Polyphemus, chomwe chinaonetsedwa koyamba mu 1829, sichifuna munthu wothamanga.

Tsiku loyamba ndinangoona dzuwa likutuluka panyanja, mitambo ili psuu, mtima n'kuthawira ku Senga Bay m'mamawa asodzi akamakocheza ndi usipa.

Pobweranso n'kuti nditawerenga nthano yake ya Agiriki. Polyphemus, chimphona cha diso limodzi, anatsekera Ulysses ndi anthu ake m'phanga n'kuyamba kuwadya. Iwo anamuledzeretsa ndi vinyo, kumuboola diso ndi mtengo wosongola wowotcha pamoto, n'kutuluka atabisala kumimba kwa nkhosa zake. Ndinachifunafuna chimphonacho pachithunzipo koma osachipeza. Bambo wina woyang'anira chipindacho, poona kuti ndaima nthawi yaitali, anandilozera mwaulemu kumtunda chakumanzere. Si uyo! Turner anamujambula ngati nkhungu yogona paphiri, akubuula ndi ululu. Thupi linachita tsemwe. Mundithokozereko bambo amenewo.

Ulysses ndi kamunthu kakang'ono pachombo, manja ali m'mwamba, akudzitama. Chisoni chimandigwira ndikamuona, chifukwa m'nthanomo apa ndi pomwe anaulula dzina lake lenileni, chimphonacho n'kukamunenera kwa atate ake Poseidon, mulungu wa nyanja. Kwawo ku Ithaca anakafika patatha zaka khumi chichokere kunkhondo ya ku Troy, anzake onse atathera m'njira. Ife okhala kutali ndi kwathu nkhani yotere siitidutsa.

Turner anali mwana wa wometa tsitsi wa ku Covent Garden, pafupi pomwepo. Anamwalira mu 1851 atasiyira dziko lake zithunzi zake, ndipo ichi chinafika m'manja mwanu mu 1856. Mwachisamala bwino, ndipo mwasiya chitseko chotsegula kwa anthu ngati ife.

Sukulu akatsekera ndidzabwera ndi mwana wanga wamkazi. Akavalo okoka galeta la dzuwa, ojambulidwa mosaoneka bwino pamene dzuwalo likutulukira, ine ndinawapeza ulendo wachinayi. Sindimuuza pomwe ali, awapeze yekha.

Ndatha ine wanu,
Mayi wa ku Salima wokhala ku London