Ana anzeru akutsalira pakhomo asanalembe ndi mayeso omwe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya sukulu za sekondale za boma zogonera komweko zimene zimatenga ana anzeru zapadera okhaokha, makamaka njira imene mwana amadutsamo kuti apeze malo kumeneko. Ndaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri, ndipo m'zaka zimenezo ndathandiza ophunzira angapo kulembetsa kusukulu zoterezi. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ana ambiri oyenera malowo safika n'komwe pa tsiku la mayeso, chifukwa ntchito yolembetsa imafuna munthu wamkulu wodziwa zinthu woti aime pambuyo pa mwanayo, ndipo si mwana aliyense amene ali naye munthu wotere.

Taonani zimene sukulu zambiri zamtunduwu zimafuna. Pamafunika fomu yodzazidwa bwino, zotsatira za mayeso a zaka zam'mbuyo, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi, chimangirizo chofotokoza chifukwa chimene mwanayo akufunira malowo, siginecha ya kholo kapena womulera, ndipo kwina mwana amaitanidwanso kukayankha mafunso apakamwa. Zonsezi zili ndi tsiku lake lotsekera, ndipo likadutsa ladutsa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili choipa pachokha. Koma kholo limene linapita patali ndi sukulu limadziwa za nkhaniyi chaka chisanayambe, limakumbutsa mphunzitsi za kalata, limawerenga chimangirizo n'kumuuza mwana kuti alembenso kachiwiri. Mwana woleredwa ndi agogo osadziwa kuwerenga, kapena amene makolo ake amachoka m'bandakucha n'kubwera kutada, amamva za sukuluyo kwa anzake kutatsala sabata imodzi, mwinanso samvako konse.

Sindidzaiwala mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, yemwe ankapeza yankho la samu m'njira yakeyake, kawirikawiri yaifupi kuposa imene ndinalemba pabolodi. Pamene tinaganiza zomulembetsa, nthawi inali itatha kale. Kalata imodzi ya umboni inachedwa, ndipo azakhali ake, amene ankamulera, anakana kusaina pepala limene sanalimvetse, poopa kuti akupereka mwana wa malemu mchemwali wawo kwa anthu osawadziwa. Mayiwo sanalakwe. Tinalakwa ndi ife aphunzitsi, pakuti tinadziwa luso la mtsikanayo kwa zaka ziwiri, koma panalibe mmodzi mwa ife amene anapita kukakhala nawo pansi n'kuwafotokozera modekha nthawi idakalipo.

Zimene ndikunenazi akatswiri anaziyesa kale. Mu 2005, akuluakulu a zamaphunziro ku Broward County, m'chigawo cha Florida ku America, anayamba kuyesa ana onse a kalasi yachiwiri ya pulayimale ndi mayeso a zithunzi ndi maonekedwe a zinthu, m'malo modikira kuti kholo kapena mphunzitsi atchule dzina la mwana. Akatswiri a zachuma David Card ndi Laura Giuliano atafufuza zotsatira zake, anapeza kuti chiwerengero cha ana ochokera m'mabanja osauka, ana akuda ndi ana olankhula Chisipanishi kwawo amene anapezeka kuti ndi anzeru zapadera chinakwera kwambiri. Anawa analipo m'makalasi momwemo zaka zonsezo, kungoti panalibe wowatchula. Ngati zili choncho pa mwana wamng'ono amene sakuchoka pakhomo pa makolo ake, nanga bwanji pamene nkhani ndi yodzaza mapepala ambirimbiri ndi kukagona kutali?

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti mayiko ena anaona vutoli ndipo analikonzera njira poyambitsa sukulu zawo. Ku India, sukulu za Jawahar Navodaya Vidyalaya, zimene zinakhazikitsidwa potsatira ndondomeko ya maphunziro ya 1986 ndipo tsopano zilipo zoposa 600, zimatenga ana kuyambira kalasi ya 6, ndipo lamulo lake limati malo osachepera 75 pa 100 alionse apite kwa ana akumudzi. Theka la malikisi a mayeso olowera limachokera ku mafunso oyesa kaganizidwe pogwiritsa ntchito zithunzi, kuti mwana amene sukulu yake inalibe mabuku okwanira asagonje chifukwa cha umphawi wa sukuluyo. Ku North Carolina School of Science and Mathematics, imene inatsegulidwa ku Durham, m'chigawo cha North Carolina ku America, mu 1980 ndipo salipiritsa fizi, chakudya kapena malo ogona, lamulo limafuna kuti malo agawidwe mofanana m'madera onse a chisankho a chigawocho, moti mwana wakumudzi sapikisana ndi mizinda yonse nthawi imodzi.

Koma chitsanzo chimene ndimachikonda koposa ndi cha mzinda wa Novosibirsk, ku Siberia m'dziko la Russia, kumene sukulu yogonera komweko ya masamu ndi fizikisi inatsegulidwa mu 1963, chaka chomwecho chimene katswiri wa masamu Andrey Kolmogorov anayambitsa ina yotere ku Moscow. Akatswiri a ku Novosibirsk, motsogozedwa ndi Mikhail Lavrentyev, sanakhale m'maofesi kudikira mafomu. Ankafalitsa mafunso a mpikisano kuti mwana aliyense, ngakhale wa kutali chotani, ayankhe n'kutumiza papositi. Ochita bwino ankapita ku gawo lotsatira, ndipo opambana ankaitanidwa kukaphunzira limodzi kwa masabata angapo pa nthawi ya tchuthi asanasankhidwe. Njira imeneyi ili ndi ubwino uwiri umene fomu singapereke. Sukulu ndi imene imasaka mwana, ndiponso osankhawo amamuona mwanayo akulimbana ndi funso limene sanalionepo, akulakwitsa, akufunsa, akuyesanso, zimene zimaulula zambiri kuposa chimangirizo chimene mwina anachisalaza ndi munthu wina kunyumba.

Alipo amene amati kugawa malo motsata madera kumatsitsa mulingo wa sukulu, ndipo nkhawa yawoyo sindikuipeputsa. N'zoona kuti mwana wochokera kusukulu yosowa zipangizo amafika ali m'mbuyo pa zina, ndipo amafunika chithandizo chapadera m'miyezi yoyamba. Komabe malikisi a mwana wa zaka 14 amaonetsa zinthu ziwiri zosakanikirana, nzeru zake ndi mwayi umene wakhala nawo. Amene wapeza 80 popanda labotale, popanda mphunzitsi wapadera wolipidwa madzulo, sangaikidwe pansi pa amene wapeza 85 ali ndi zonsezo popanda kufunsa kuti aliyense wachokera pati. Sukulu zimenezi zimayendera misonkho ya anthu onse, olemera ndi osauka omwe, choncho khomo lake liyenera kufikirika kwa ana a onsewo.

Kwa makolo ndi olera ana amene akuganiza zolembetsa chaka chino, ndili ndi mawu amene ambiri sawanena. Yambani mwamufunsa mwanayo ngati iye mwini akufuna kupita, ndipo mumvetsere yankho lake ngakhale lisakukondweretseni. Kukagona kutali ndi kwanu uli ndi zaka 14 kapena 15 si chinthu chapafupi, ndipo kupukwa kumagwira ndi ana olimba mtima omwe. Palinso china chimene katswiri wa zamaganizo Herbert Marsh anachifufuza kuyambira m'zaka za m'ma 1980: mwana amene ankakhala nambala wani kusukulu yake, akapezeka pakati pa anzake onse anzeru ngati iye, kawirikawiri amayamba kudzikayikira ngakhale nzeru zake sizinachepe. Ndaonapo mnyamata akubwera patchuthi choyamba atafooka, akunena kuti anamusankha molakwitsa, chonsecho anali pakati pa kalasi ya ana osankhidwa mwa mazanamazana. Mwana amene anachenjezedwa za zimenezi asanapite amapirira msanga kuposa amene ankangouzidwa kuti palibe womuposa. Ndipo chimangirizo musamulembere. Muwerengereni, mumufunse pamene simunamve, koma mawu akhale ake, pakuti amene adzakhale m'kalasimo n'kumayankha mafunso ndi iyeyo.

Kwa aphunzitsi anzanga, akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa nkhani iyi ife ndi amene tingaime m'malo mwa kholo lodziwa zinthu limene ana ambiri alibe. Kalata ya umboni yongoti mwanayu ndi wanzeru ndiponso waulemu sithandiza aliyense, chifukwa osankha amalandira mazana a makalata otero. Lembani zimene munaona ndi maso anu: funso limene anafunsa tsiku lina inu n'kusowa yankho, buku la kalasi yapamwamba limene anabwereka n'kulimaliza yekha, mtunda umene amayenda kuti afike kusukulu.

Pempho langa kwa oyendetsa sukulu zimenezi ndi lakuti masiku olembetsa alengezedwe kusukulu iliyonse chaka chikamayamba, kuti gawo loyamba la mayeso lilembedwe ndi ana onse a kalasi yoyenera popanda fomu kapena malipiro, ndiponso kuti mwana akachita bwino, munthu wochokera kusukuluyo apite yekha kukaonana ndi omulera n'kuyankha mafunso awo m'chiyankhulo chimene iwo amamva. Inunso akonzi, mungathandize posindikiza masiku amenewa nthawi idakalipo, pamodzi ndi mndandanda wa mapepala onse ofunika.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito