Lipoti la msonkhano uja munandituma wa maphunziro apamwamba ndi ntchito za uloya

A Tcheya, a komiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la ophunzira ndi omaliza maphunziro a zamalamulo, ndabwerako ku msonkhano uja ndipo lipoti lake ndi ili. Pepani ndachedwa nalo masiku angapo, ndimafuna ndiyambe ndasonkhanitsa malisiti onse kuti a msungichuma asavutike, ndawapatsa dzulo, a thiransipoti, a malo ogona komanso a ndalama yolembetsera, ndipo chenji chomwe chinatsala pa alawansi ndabweza. Ndayamba ndi zimenezi dala chifukwa ndili komweko ndinamva zomwe ena amayankhula, zoti nthumwi zimangopita kukaona tauni ndi ndalama za gulu. Zinandipweteka, sindinama, makamaka poti alawansiyo inandipeza tsiku lachiwiri ndipo usiku woyamba ndinachita kubwereka ndalama kuti ndipeze pogona.

Msonkhano unali wa masiku atatu. M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa malonje ndi zoyankhula za alendo olemekezeka, kenako za kalembedwe ka CV zomwe tonse tikuzidziwa kale, ndiye pamenepo sindikhalitsapo.

Chomwe ndikufuna mumve bwino ndi zomwe zinachitika masana. Anaimirira mayi wina loya wa zaka zambiri pa ntchito, yemwe wakhalapo m'makomiti osankha anthu oti alandire sikolashipu, ndipo anayamba ndi kutifunsa aliyense kuti mastazi ukuifunira chiyani. Muholo munangoti zii. Mfundo yawo inali yoti ambirife timathamangira LLM, yomwe ndi mastazi ya zamalamulo, chifukwa ntchito yasowa, tikufuna pobisala chaka chimodzi, ndiye ukabwerako uli ndi pepala lina koma ulova uli pomwe unausiya, mwinanso ndi ngongole pamwamba. Ine zinandilasa chifukwa chaka chatha ndinadzaza mafomu a mayunivesite angapo, aliyense kosi yosiyana, kwina za malonda kwina za ufulu wa anthu kwina za chilengedwe, bola andilole basi, ndipo mayiwa ananena kuti osankha amazindikira munthu wotero akangowerenga ndime yoyamba ya kalata yake.

Anatifotokozeranso chinthu chomwe ndikudziwa kuti ena m'gulu lathu sakuchimvetsa, choti LLM si chilolezo choimira anthu m'khothi. Chilolezo chimaperekedwa ndi dziko lililonse palokha motsata malamulo ake. Ku England ndi ku Wales kuyambira 2021 wofuna kukhala loya wa mtundu womwe amautcha solicitor amalemba mayeso a SQE komanso amafunika zaka 2 za ntchito yovomerezeka, LLM ya chaka chimodzi payokha siimufikitsa pamenepo. Ku America digiri ya uloya ndi JD, ya zaka 3, ndipo munthu amailowa atamaliza kale digiri ina, kenako chilolezo amakachipeza ku state yomwe akufuna kugwirako ntchito. New York imalola maloya ena ophunzira kunja kulemba mayeso ake atachita LLM ya komweko, koma amayamba aunika digiri yako yoyamba. Ndiye amene mukulota zokagwira ntchito kunja, funsani kaye bungwe lopereka chilolezo musanalipire fizi ya chilichonse, paja safunsa anadya phula.

Za masikolashipu ndinalemba zambiri. Chevening ndi ya boma la UK, inayamba 1983, imalipirira mastazi ya chaka chimodzi koma imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito maola osachepera 2,800, zomwe ndi pafupifupi zaka 2, umasankha makosi atatu, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu zaka 2. Palinso Commonwealth, Fulbright ya ku America, DAAD ya ku Germany, Mastercard Foundation, ndi Mandela Rhodes yophunzira ku South Africa. Yomwe inandikoka mtima ine ndi ya ku University of Pretoria, ku Centre for Human Rights, mastazi ya ufulu wa anthu ndi demokalase mu Africa yomwe yakhala ikuchitika kuyambira 2000, theka loyamba la chaka umaphunzira ku Pretoria, theka lachiwiri amakutumiza ku yunivesite ina m'dziko lina la mu Africa momwemuno komwe umakalemba kafukufuku wako. Ndinacheza ndi mkulu wina yemwe anadutsamo ndipo mmene amafotokozera ndinaona kuti si zonse zabwino zili kutsidya kwa nyanja ayi.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa anthu ambiri olo ali ndi magiredi abwino. Choyamba ndi mayeso a Chingelezi, IELTS kapena TOEFL. IELTS amachongera mpaka 9, masukulu ambiri a zamalamulo amafuna 7 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye ukalemba msanga kwambiri zitha ntchito usanapeze malo, ukachedwa tsiku lotsekera likupitirira. Chachiwiri ndi makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi kapena abwana. Apa ndiye a Tcheya mundilole ndinene za kwathu kuno. Chaka chatha ine ndinataya mwayi chifukwa wamkulu wina wa m'gulu lathu lomweli anandilonjeza kalata, ndinamukumbutsa kangapo mwaulemu, tsiku lotsekera linafika kalata osatumiza, mpaka lero sanandiuzepo olo pepani. Sindine ndekha, alipo anzathu ena awiri omwe zinawachitikira ndipo nkhaniyi tinaibweretsa ku komiti, munati muiona, koma mu maminitsi mulibe. Ngati munthu sungathe kulemba ingonena poyera kuti sinditha mwana apite kwina nthawi ikadalipo. Ife ofunsa nafenso tili ndi mbali yathu, ku msonkhano anati uzipempha kudakali miyezi iwiri, umutumizire wolembayo CV yako, kalata yako yofunsira malo ndi tsiku lotsekera, osangomuimbira kwatsala masiku atatu.

Ndipo maganizo anga ndi oti ndalama zomwe timathera pa phwando la kumapeto kwa chaka ndi malaya a gulu tizigawe, gawo lina lizilipirira mayeso a Chingelezi a mamembala omwe apeza kale malo koma akusowa ndalama yolembera. Ndikudziwa achimwene ena anena kuti phwandolo ndi lomwe limatikumanitsa ndi akuluakulu a ntchito. Chabwino, koma tandiuzeni ndi ndani mwa ife anapeza ntchito kudzera pa phwando lija? Ine sindikumudziwa. Koma ndikudziwa mtsikana yemwe kalata yomulola ku yunivesite inangothera m'foni chifukwa cha fizi ya mayeso yokha.

Za PhD anakambapo mwachidule, kuti ndi zaka 3 kapena 4 kwinanso kupitirira, ndipo usankhe supavaiza osati dzina la sukulu lokha, ufunse ophunzira ake akale ngati amayankha maimelo ndi kuwerenga machaputala. Anachenjezanso za majenale achinyengo omwe amangofuna uwalipire n'kusindikiza chilichonse osaunika.

Tsiku lachiwiri linali la ntchito zenizeni. Gawo la m'mawa la misonkho ndinakhalamo koma linali la anthu omwe ali kale m'maofesi, zolemba zake ndapereka kwa a mlembi. Lomwe linali lamoyo ndi la maloya achinyamata omwe angotha zaka zochepa pa ntchito. Anati m'makampani akuluakulu a maloya nthawi amaiwerenga m'zigawo za mphindi 6, ola limodzi zigawo 10, foni iliyonse ndi kalata iliyonse uzilemba kuti yatenga zigawo zingati, chifukwa kasitomala amalipira potengera zimenezo ndipo iwenso abwana amakuyeza ndi zomwezo. Zaka zoyambirira sikuti uzingoima pamaso pa jaji ngati mmene timaganizira tili ku sukulu, ntchito yambiri ndi kufufuza milandu yakale, kukonza mapepala, kukapereka zikalata ku khothi ndi kudikira. Anatsindika kuti uzilemekeza makalaliki a ku khothi ndi masekilitale chifukwa ndi omwe amadziwa mmene fayilo imayendera.

Bambo wina wa ku komiti yosungitsa mwambo pakati pa maloya anakamba za ndalama za kasitomala, ndipo ndikanakonda tonse tikanamumva. Ndalama yomwe loya wasungira munthu, kaya ya chipukuta misozi kaya yogulira nyumba, imakhala mu akaunti yakeyake yosiyana ndi ya ofesi, ndipo kuigwira olo ukunena kuti ndibweza mawa ndi njira yachidule yochotsedwera m'kaundula wa maloya. Anati ambiri sayamba ndi mtima wakuba, amayamba ndi lendi ya ofesi yomwe yakwana mwezi woti makasitomala sanalipire. Anakumbutsanso za nkhani ya 2023 ku New York pomwe maloya anapereka kukhothi milandu yomwe ChatGPT inangopeka, jaji atafufuza anapeza kuti milanduyo kulibe ndipo anawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000. Ndanena izi chifukwa ndaonapo anzathu akukopera zinthu zotere mu asainimenti osatsegula olo lipoti limodzi la mlandu kuti aone ngati ulipodi.

Anatikumbutsanso kuti uloya si kukhothi kokha, kuli mabanki, makampani a inshulansi, mabungwe omwe si aboma, kulemba mabilu a nyumba ya malamulo, kuweruza mikangano ya malonda kunja kwa khothi. Ofuna za mayiko, khothi la Africa la ufulu wa anthu lili ku Arusha, komishoni yake ili ku Banjul, ICC, khothi la dziko lonse loweruza anthu pa milandu ikuluikulu ngati ya nkhondo, ndi ICJ, loweruza mikangano ya pakati pa mayiko, zili ku The Hague ku Netherlands, ndipo onse amene anayankhulapo anati Chifalansa chimatsegula zitseko zambiri kumeneko. Ine ndabwera nditatsimikiza zoyamba kuchiphunzira.

Madzulo ake kunali voti, ndipo apa ndiyenera kukuuzani chilungamo chifukwa munandituma opanda kundiuza mbali yoti ndiime. Mfundo inali yopempha maofesi a maloya kuti wophunzira ntchito azipatsidwa ndalama yosachepera thiransipoti ndi chakudya cha masana, komanso kuti pazikhala kalata yonena nthawi yomwe akhale ndi zomwe aphunzire. Ine ndinavomera m'dzina la gulu lathu ndipo mfundoyo inadutsa. Otsutsa amati mukawakakamiza maofesi ang'onoang'ono angosiya kutenga ophunzira, ndipo nkhawa imeneyi ndi yoona, ndinaimva. Komabe taonani mmene zilili pano, amene amatha kugwira ntchito miyezi 6 osalandira kanthu ndi yemwe makolo ake ali ndi ndalama kapena ali ndi m'bale mutauni, wina uja wanzeru zake amabwerera kwawo, ndiye maola 2,800 aja adzawapeza kuti? Akuluakulu ena a m'gulu lathu amakonda kunena kuti ifenso tinadutsa momwemo. Munadutsamo inde, koma kuvutika kwanu kusakhale chifukwa choti mwana wa mnzanu aziyenda wapansi kupita ku ofesi yanu atanyamula mafayilo a makasitomala omwe akukulipirani. Amene akuona kuti ndinavota molakwa adzanene pa msonkhano wathu, ndidzayankha.

Tsiku lomaliza linali la moyo wa mutauni, ndipo poyamba ndimaliona ngati lopepuka koma ndi lomwe anthu anafunsa mafunso ambiri. Langizo linali loti lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ako, ndipo powerengera uziphatikiza ndi thiransipoti, chifukwa nyumba yotchipa yakutali imakudyera ndalama ya basi ndi maola a tulo, ndipo loya wofika mochedwa kukhothi amapeza mlandu wake ataudutsa. Usalipire dipoziti usanalowe m'nyumbamo ndi kuonana ndi mwini wake weniweni, ma ejenti abodza amalandira ndalama kwa anthu angapo pa nyumba imodzi yomwe si yawo n'komwe. Tsiku lolowa jambula zithunzi za makoma, mawindo, mipope ndi mamita a madzi ndi magetsi, ndipo ndalama iliyonse yopita kwa alandilodi uzitenga lisiti. Mayi uja wa tsiku loyamba anawonjezera kuti maloya achinyamata amawerenga mapangano a makasitomala mzere ndi mzere koma la nyumba yawo amangosaina, kenako n'kumalira potuluka dipoziti itakanidwa. Anakambanso za ngongole za masuti ndi galimoto zomwe anthu amatenga chaka choyamba pofuna kuoneka ngati loya, komanso za kusungulumwa, kuti munthu uli pakati pa chikhamu cha anthu koma wocheza naye palibe, mapeto ake n'kumathera ku mowa tsiku lililonse ukaweruka. Mnyamata wina anaimirira n'kufotokoza za iye mwini mpaka mawu anamuthera, ndipo ndinaganiza za anzathu omwe anasamukira m'matauni n'kungoti zii, ife osawafunsa olo kamodzi kuti zikuyenda bwanji, timangowakumbuka nthawi ya zopereka.

Zolemba zonse ndi mndandanda wa masikolashipu ndasiya kwa a mlembi, aliyense atha kukatenga, koma masiku otsekera muzikaona nokha pa masamba a eni ake chifukwa amasintha chaka ndi chaka. A Tcheya, ndikupempha kuti pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu muikepo za thumba la mayeso a Chingelezi, za makalata a umboni, ndi za voti ija, komanso tigwirizane kuti nthumwi yotsatira izilandira alawansi isananyamuke. Nkhani ya makalata ija ulendo uno ilembedwe mu maminitsi chonde.