Zimene ophunzitsa "wholesaling" ya nyumba ku America amasiya osanena

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa malonda amene afala m'mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok, otchedwa wholesaling. Abale athu okhala ku America, monga a ku South Bend ku Indiana, ku Texas ndi kuzungulira Washington, akumauzidwa kuti munthu angapeze ndalama pa nyumba popanda mpamba, popanda layisensi komanso popanda ngongole ya ku banki. Muli choona m'menemo, koma zimene ophunzitsawo amadumpha ndi zomwe zimagwetsa oyamba kumene.

Pa malondawa munthu sagula nyumba ayi. Amapeza mwini nyumba amene akufuna kugulitsa msanga, kaya chifukwa nyumbayo yawonongeka, kaya misonkho yamuunjikira, kaya ndi ya malemu ndipo ana ali kutali. Amasainirana mgwirizano wogula pa mtengo wotsika, kenako mgwirizanowo amaupereka kwa wina amene ali ndi ndalama m'manja, kawirikawiri wokonza nyumba zakale n'kuzigulitsanso kapena kuzichititsa lendi. Malipiro ake pa kusamutsa mgwirizanoko amatchedwa assignment fee. Chimene ali nacho chogulitsa ndi ufulu wogula umene walembedwa papepala, nyumbayo ikadali ya mwini wake.

Choyamba chimene amadumpha ndi lamulo, ndipo limasiyana chigawo (state) ndi chigawo. Ku Illinois, kuyambira 2019, wochita malondawa kawiri kapena kuposa m'miyezi 12 amatengedwa ngati broker, mkhalapakati wa malonda a nyumba, ndipo ayenera kukhala ndi layisensi. Chindapusa cha wochita popanda layisensi chimafika $25,000. Ku Oklahoma, kuyambira pa 1 Novembala 2021, kulengeza poyera kuti ukugulitsa mgwirizano wotere kumafuna layisensi. Mzinda wa Philadelphia uli ndi layisensi yakeyake ya anthu ochita malondawa. Ngakhale kumene malamulo ndi ofewa, kuika chithunzi cha nyumba pa Facebook n'kulemba kuti "nyumba ikugulitsidwa" pamene si yako kungatengedwe ngati kugwira ntchito ya ejenti popanda chilolezo. Kulipira loya wa za malo wa m'chigawo chanu ola limodzi kapena awiri, kuti aone mapepala anu musanayambe, n'kotsika mtengo kuposa maphunziro amene akugulitsidwa pa intaneti.

Kwa ife obwera pali chinanso. Viza ya alendo ndiponso viza ya ophunzira ya F-1 sizilola munthu kudzichitira ntchito ya malonda mwa iye yekha. Kuimbira eni nyumba, kukambirana mitengo ndi kulandira malipiro ndi ntchito ndithu. Amene mapepala ake salola asayambe n'komwe.

Chachiwiri, pezani ogula musanapeze nyumba. Ambiri amachita mosemphanitsa, amasaina mgwirizano kenako n'kuyamba kuthamangathamanga masiku akutha. Ogula enieni amapezeka m'misonkhano ya anthu oika ndalama pa nyumba, pa malonda a nyumba zolandidwa ku khoti, komanso m'kaundula wa county (boma laling'ono la m'deralo), momwe mungaone makampani amene agula nyumba popanda ngongole m'miyezi yapitayi. Afunseni dera limene amagula, mtengo umene safuna kupyola, ndiponso ngati amalola nyumba ya maziko owonongeka. Pemphani kalata ya ku banki yosonyeza kuti ndalama alidi nazo. Ogula asanu otsimikizika amaposa mayina 500 a anthu amene nawonso akungofuna kugulitsa mgwirizano wanu kwa wina.

Pamasamu ndi pamene tikufuna owerenga aikepo mtima. Okonza nyumba ambiri amayambira pa lamulo la 70 peresenti. Mumayamba ndi mtengo umene nyumbayo ingagulidwe itakonzedwa bwinobwino. Tinene kuti ndi $200,000. Mukatenga 70 peresenti mupeza $140,000. Chotsanipo ndalama zokonzera, tinene $35,000, patsala $105,000, ndipo uwu ndiwo mtengo umene wogula wanu angalole. Ngati inu mukufuna $8,000, ndiye kuti kwa mwini nyumba simungapyole $97,000. Gawo la 30 peresenti lotsalalo si phindu lokha la wokonza uja. Mmenemo muli chiwongoladzanja cha ngongole yake, inshuwalansi, msonkho wa miyezi imene akukonza, ndi malipiro a ejenti pogulitsa.

Manambala awiri, mtengo wa nyumba yokonzedwa ndi ndalama zokonzera, ndi amene amalakwika. Mtengo wa nyumba yokonzedwa suchokera pa chiwerengero chimene Zillow, webusaiti yotsatsa nyumba, imaonetsa pamwamba pa tsamba, kapena pa mitengo imene anthu akuitanitsa. Umachokera pa nyumba zitatu kapena kuposa zimene zagulidwa kale m'miyezi 3 mpaka 6 yapitayi, zosapitirira theka la mailo kuchokera pamenepo, zofanana kukula, zipinda ndi zaka. Nyumba ya tsidya lina la msewu waukulu kapena ya dera la sukulu ina ingasiyane mtengo kwambiri ngakhale ili pafupi. Pa zokonza, oyamba kumene amawerengera penti, makapeti ndi khitchini chifukwa ndi zimene maso amaona, n'kuiwala denga, maziko, mawaya akale a magetsi, paipi ya zonyansa yopita ku msewu, makina otenthetsera nyumba, chiswe ndi nkhungu ya m'chipinda cha pansi. Mukaphonya denga la $12,000, phindu lanu la $8,000 lapita, ndipo wogula akana. N'chifukwa chake ndi bwino kuyenda m'nyumbamo ndi mmisiri wodziwa mitengo ya m'deralo musanatchule nambala.

Kupeza ogulitsa kumadya ndalama ndi nthawi. Ena amayenda pagalimoto n'kumalemba nyumba za udzu wautali, mawindo okhomedwa matabwa ndi makalata ounjikana. Ena amatenga ku county mndandanda wa osalipira msonkho wa nyumba kapena milandu ya chuma cha masiye. Kenako pamafunika kulipira makampani opeza manambala a foni, masitampu ndi mafuta, mwina kwa miyezi ingapo musanapeze kanthu. Samalani ndi mafoni: lamulo la TCPA la 1991, lokhudza mafoni ndi mauthenga otsatsa malonda, limalola munthu kukusumirani $500 pa uthenga kapena foni iliyonse yophwanya lamulo, mpaka $1,500 ngati munachita dala.

Mgwirizano ukhale ndi mawu omveka okulolani kuupereka kwa wina. Ukhalenso ndi masiku oyendera nyumba, kawirikawiri 7 mpaka 14, amene mungathe kutulukamo osataya kanthu, ndi tsiku lomalizira malonda, mwina masiku 30. Chikole chanu, earnest money, chikasungidwe ku title company, kampani yofufuza umwini wa nyumba ndi kumaliza malonda, osati m'manja mwa mwini nyumba. Wogula wanu nayenso aike chikole chosabwezedwa choposa chanu, kuti akathawa musaluze. Nyumba zimene mabanki analanda ndi zimene amagulitsa a HUD, unduna wa boma woona za nyumba, nthawi zambiri sizilola kusamutsa mgwirizano. Zikatero ena amachita double closing: kugula n'kugulitsa tsiku lomwelo ndi ngongole ya maola ochepa, koma pamenepo mumalipira zomalizira malonda kawiri kuphatikiza chiwongoladzanja. Si title company iliyonse imene imavomera malonda oterewa, choncho funsani msanga.

Malonda ambiri amafera pa kafukufuku wa umwini. Pamapezeka ngongole yachiwiri pa nyumbayo, msonkho wa zaka zingapo, mmisiri amene sanalipidwe n'kulembetsa chiletso, kapena kuti wosaina uja ndi mmodzi yekha mwa ana anayi a malemu ndipo khoti silinagawe chumacho. Ngati ngongole zonse zikuposa mtengo umene munagwirizana, palibe malonda. Funsani zimenezi tsiku loyamba, ndipo aliyense amene dzina lake lili pa chikalata cha umwini asaine.

Chimatipweteka kwambiri ndi mmene ena amachitira ndi ogulitsa. Mu 2023 atolankhani a ProPublica anaulula mmene ena ochita malonda pansi pa dzina la HomeVestors, eni mawu akuti "We Buy Ugly Houses", ankapanikizira okalamba ndi odwala kugulitsa nyumba motchipa. Khalidwe lotereli ndi limene likuchititsa zigawo kukhwimitsa malamulo. Muuzeni mwini nyumba poyera, ndi polemba, kuti wogula weniweni angakhale wina, kuti inu mupezapo phindu, ndiponso kuti akadutsa kwa ejenti angathe kupeza ndalama zambiri ngati ali ndi nthawi yodikira. Agogo amene akuoneka kuti sakumvetsa zimene akusaina, imani kaye mpaka pakhale mwana wawo kapena loya. Musamangirirenso nyumba ya munthu kwa masiku 30 mukudziwa kuti wogula mulibe. Banja limene lalongedza katundu n'kulipira kale lendi kwina ndi limene limavutika mukabwerera m'mbuyo.

Malipiro akabwera, si onse anu. IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, imawatenga ngati ndalama za bizinesi, ndipo pamwamba pa msonkho wamba pali msonkho wa odzilemba okha ntchito wa 15.3 peresenti. Palibe amene amakudulirani, choncho patulani gawo la msonkho tsiku lomwelo, ndipo sungani malisiti a mafuta, masitampu ndi loya kuti muchotsere pa msonkhowo.

Awerengi anu,
ku Indiana, America