Lipoti la msonkhano wa njira zopezera mpamba wa bizinesi yoyamba kumene

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kukaimira gulu lathu pamsonkhano wa eni mabizinesi ang'onoang'ono umene unachitikira ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg kuno ku South Africa, kuti ndikamve ngati ndalama za angel investor ndi za crowdfunding zingathandize anzathu amene mpamba wa chipereganyu suwakwanira. Njira ziwirizi zilipodi, koma ambirife sitinakonzeke kuzilowa.

Angel investor ndi munthu wopeza bwino amene amaika ndalama za m'thumba mwake mu bizinesi yoyamba kumene. Si ngongole, choncho palibe chiwongoladzanja kapena kubweza mwezi ndi mwezi, koma iye amatenga gawo la kampani. Tiyerekeze kuti waika R500,000 n'kutenga magawo 20 pa 100 alionse: ndiye kuti kampani yonse mwaiwerengera R2.5 miliyoni, ndipo kuyambira tsiku limenelo simulinso mwini nokha, zinthu zikuluzikulu muzigwirizana kaye. Kuno ku Johannesburg kuli gulu la anthu otere lotchedwa Jozi Angels. Iwo amadziwa kuti mabizinesi ambiri amene aikamo ndalama adzagwa, n'chifukwa chake amasaka imene ingakule kowirikiza kambirimbiri kenako n'kugulitsidwa, kuti imodziyo ibweze zonse zotayika. Apa ndi pamene ndinaona kuti spaza (kagolosale ka m'makomboni), saluni kapena thiraki yonyamula katundu wopita ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ngakhale zimadyetsa mabanja athu bwinobwino, si zimene anthuwa akufuna. Komanso lamulo la msonkho la Section 12J, limene linkakopa olemera kuika ndalama m'makampani ang'onoang'ono, linatha mu June 2021.

Mayi wina wosoka zovala za chitenje anafotokoza bizinesi yake mogwira mtima, koma atafunsidwa kuti mwezi watha anagulitsa zingati, anatsala ndi phindu lanji, ndipo ndi makasitomala angati amene anabweranso, anayamba kufufuza mauthenga a WhatsApp pafoni, holo yonse ili zii. Mafunso omwewo atafunsidwa kwa ife, sindikudziwa kuti angayankhe ndi angati.

Nkhani ya mapepala ndiyo ikutikhudza kwambiri monga alendo m'dziko lino. Palibe amene angaike ndalama mu bizinesi yosalembetsedwa ku CIPC (bungwe la boma lolembetsa makampani), yopanda akaunti yakeyake ku banki, yosadziwika ku SARS (bungwe lotolera misonkho), ndiponso imene mwini wake alibe chitupa chomuloleza kuchita malonda. Chitupa cha bizinesi chenichenicho nthawi zambiri chimafuna mpamba wa R5 miliyoni. Amene munalembetsa bizinesi m'dzina la mnzanu wa kuno kapena la mkazi wanu, dziwani kuti pamaso pa lamulo mwini ndi iyeyo, ndipo woika ndalama adzakambirana ndi iyeyo.

Crowdfunding ndi kusonkhetsa ndalama pang'onopang'ono kwa anthu ambiri kudzera pa intaneti. Tsamba la BackaBuddy ndi la zopereka zachifundo monga matenda ndi fizi, choncho si la mpamba. Pa mtundu wina, monga wa Thundafund imene inayambira ku Cape Town, anthu amalipiriratu katundu amene mudzawapatse mukapanga, ndipo ndi mtundu umene ndikuona kuti ungatiyenere, makamaka osoka ndi okonza zakudya zakumudzi. Kickstarter, tsamba la ku America la mtundu womwewu, imadula magawo 5 pa 100 a ndalama zosonkhedwazo, ndipo mukalephera kufika pa ndalama imene munalengeza simulandira kanthu. Olankhula anagwirizana kuti opereka oyamba amakhala abale, anzanu a kutchalitchi kapena kumzikiti ndi makasitomala akale. Alendo amabwera akaona kuti ena apereka kale. Anachenjezanso kuti lamulo la makampani la 2008 sililola kampani ya (Pty) Ltd, yomwe ndi kampani ya eni ake okha, kutsatsa masheya ake kwa anthu wamba, choncho zolengeza pa Facebook kuti mukugulitsa magawo a bizinesi zisachitike.

Ndikupempha komiti kuti pamsonkhano wa mwezi wamawa tiitane wodziwa zowerengera ndalama adzatiphunzitse kulemba mabuku a malonda, ndipo membala aliyense wofuna ngongole ya gulu yoposa imene timapereka masiku onse azibwera ndi kaundula wa zogulitsa wa miyezi isanu ndi umodzi. Amene mapepala awo ali bwino ndipo akufuna kulembetsa ku CIPC apereke mayina kwa mlembi lisanafike tsikulo.

Ine nthumwi yanu.