Anachita manyazi ndi nsima yanga paphiri la Mulanje

Azakhali,

Tulo sitikubwera, ndiye ndati ndikulembereni. Chinkhoswe chathu chayandikira, amalume akumana kale ndi akuchimuna, koma mtima wanga wabwerera m'mbuyo.

Mnyamatayu amagwira ntchito ya muofesi ku Ginnery Corner, ine ndimagulitsa kaunjika ku Limbe. Anzake akuntchito amakonda kukwera mapiri, ndiye anandipempha kuti tipitire limodzi ku Mulanje, tikagone ku Chisepo, kanyumba kogonamo okwera phiri, m'mawa mwake tikakwere Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija. Nditamufunsa za chakudya anangoti "uona wekha." Uthengawo udakalipo pa WhatsApp, sindinaufufute.

Ndinakonza kamba wa paulendo monga amachitira mayi anga: ufa woyera, usipa, tomato, mbatata yophika, mtedza wokazinga, chigumu ndi thobwa. Zonse ndalama zanga, ndipo ndinkawerengera gulu lonse, osati ine ndekha. Chigumucho ndinaphika usiku, nditaweruka ku msika.

Tinanyamuka pa Likhubula, m'munsi mwa phiri, m'mamawa. Njira yake ndi chitunda chokhachokha, chikwama chinandidula mapewa, ndinkangotsalira. Iwo anali ndi timapaketi topepuka: ma noodles, oats, chokoleti, ndi tina touma ngati sopo tomwe amadya akuyenda, aliyense chakechake, osapatsana. Masana titapuma pathanthwe ndinamasula mbatata nkunena kuti tiyeni tidye. Mtsikana wina anati, "Asisi, mwasamuka ndi khitchini yonse?" Onse anaseka. Iyenso anaseka, nawonjezera mawu ena m'Chingerezi omwe sindingawalembe pano. Mwina ankaganiza kuti sindinamve. Ine Fomu 4 ndinafika.

Tinafika ku Chisepo dzuwa litapendeka, nkhungu itakuta phiri, zala zitauma ndi kuzizira. Mlonda anasonkha moto, ine nkuphika nsima. Mnyamata wangayo ndinamutengera madzi osamba m'manja pamaso pa anzakewo, iye osandiyang'ana nkomwe, akuti safuna zolemera m'mimba. Ndinadya ndi wotiperekeza ndi mapota onyamula katundu, anthu omwe anandilandira chikwama panjira pomwe iye anali patsogolo akujambulitsa.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka, nkumuona atanjuta pafupi ndi makala, akudya mkute uja ndi usipa, mumdima, akuvundukula poto pang'onopang'ono kuti isalire. Ndiye kuti nsimayo amaifuna, koma osati anzake akuona. Ku Sapitwa sindinapite nawo, ndinatsala ndi mlonda. Zomwe tinayankhulana ndi mnyamatayu m'mawa umenewo ndisazinene.

Tsopano akuti ndikukulitsa nkhani, anthu oyenda maulendo ataliatali amatenga zopepuka basi, aliyense amadziwa. Chabwino, nanga osandiuza bwanji nditamufunsa? Kwathu ku Chilomoni amanyambita zala akamadya nsima yomweyi. Mchemwali wanga akuti amuna ndi choncho, ndipirire. Koma kusekako, Azakhali, kumangondibwerera m'makutu.

Kodi munthu wochita nane manyazi pagulu angandilemekeze m'banja? Ndiwauze amalume, kapena aona ngati ndi zachibwana? Anzake omwewo adzakhala pachinkhoswe, ndidzawayang'ana bwanji? Kodi ndi nsima yomwe inamuchititsa manyazi, kapena ndi ineyo ndi kaunjika wanga? Ndipemphe kuti tsiku lisunthidwe? Chonde ndiyankheni msanga, zitenje tagula kale.

Ine wosweka mtima,
Chilomoni, Blantyre