Lipoti la msonkhano wa atsogoleri a magulu oweta nkhuku ku Mitundu

A mfumu, a tcheyamani, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu, zikomo pondituma kuti ndikakuimireni. Kunabwera nthumwi za magulu ochokera mbali za Malingunde, Nathenje ndi Mitundu komweko, pamodzi ndi alangizi a ziweto. Tinkayembekezera kumva za zakudya ndi misika, koma nthawi yambiri inathera pa ife atsogoleri: kodi zimene timauza anthu, pakhomo pathu zilipo?

Nkhani inayambira pa chitopa. Alangizi anatikumbutsa kuti chitopa chilibe mankhwala ochiza, ndipo chimavuta kwambiri nyengo yotentha, mvula isanagwe. Chotchinga chake ndi katemera wa I-2, amene amapangidwa konkuno ku Lilongwe ku Central Veterinary Laboratory. Ndi kadontho kamodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala. Anatisonyeza kachitidwe kake. Wina amapanira nkhuku m'khwapa n'kupendeketsa mutu wake, wina amadontheza, ndipo saitaya mpaka itaphethira, dontho litalowa. Botolo amalikulunga m'nsalu yonyowa n'kuliika m'dengu kuti lisatenthedwe panjira.

Ndiye funso linali lakuti, poti katemera alipo, bwanji nkhuku zikuthabe m'midzi? Mayi wina wa ku Nathenje anayankha mosabisa. Kwawo anthu ankakana katemera ati amapha nkhuku, chifukwa ankamuitanitsa mliri utalowa kale, nkhuku zitayamba kuwodzera ndi kupinda khosi. Zikafa, mlandu unkagwera katemera. Komiti yawo inasiya kulalikira. Tsiku la katemera likafika, oyamba kutulutsa nkhuku ndi tcheyamani, mlembi ndi msungichuma, pabwalo, aliyense akuona, ndipo ndalama ya katemera amapereka iwo poyamba. Mliri utadutsa, anthu anadzionera okha makola amene munatsala nkhuku. Pano amachita kufunsa okha kuti wakatemera abwera liti.

Mlangizi wina wachikulire anatiuza kuti tikaonetsetse thadzi la anapiye. Likatha masiku 21 likufungatira, silimangoitana ana. Limapalasa, kutola kambewu, kukagwetsa pansi, kukatolanso uku likulira motsitsa, mpaka anapiye atajompha. Kabawi akadutsa m'mwamba, limachenjeza n'kutambasula mapiko, iwo n'kulowa pansi. Anati tcheyamani azikhala chomwecho, ndipo m'chipinda monse munamveka kuvomereza.

Panabuka mtsutso pa nkhani yopatsirana nkhuku, ija yakuti wolandira nkhuku amadzapatsirako mnzake zikaswana. M'magulu ambiri, misoti kapena atambala a Mikolongwe akabwera, amayamba kulandira ndi a komiti, ati ndiwo amavutika ndi misonkhano. Ena anaikira kumbuyo mchitidwewu, ponena kuti a komiti ndiwo amakhala ndi makola abwino. Ine sindinagwirizane nawo, ndipo ndinanena m'dzina lanu. Mtsogoleri akayamba kudzigawira, amasiye ndi okalamba amatsalira, ndiponso palibe amene angalimbe mtima kukalonjerera tcheyamani akachedwa kupatsira mnzake. Magulu amene akuyenda bwino amachita maere, a komiti n'kukhala kumapeto. Pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya.

China chimene chinandikhudza n'chakuti ambiri nkhuku zikayamba kudwala amathamangira nazo kumsika kuti apulumutseko kangachepe. Ndi mmene chitopa chimayendera panjinga kuchoka mudzi uno kukafika mudzi wina. Ngati wa komiti achita zimenezi, lamulo la gulu lafa tsiku lomwelo. Nkhuku yakufa ndi matenda tiziikwirira mozama kapena kuitentha, ndipo yogula kapena yopatsidwa ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.

Za zakudya sanakambe zambiri: madeya okha sakwanira, tiziphatikiza soya wokazinga, tinsomba ndi masamba, madzi oyera asamasowe. Khola lizisesedwa ndi kuthiridwa phulusa chifukwa cha utitiri.

Tsono pempho langa kwa gulu ndi ili. Pa katemera akubwerayu, tiyambire pakhomo pa a tcheyamani, kenako a komiti tonse, mamembala akuonerera. Mlembi atsegule kope lolembamo nkhuku za aliyense, zotemeredwa, zakufa ndi zogulitsa, tsamba loyamba likhale la a komiti, ndipo kopelo lizikhala patebulo pa msonkhano uliwonse kuti wofuna aziwerenga. Za maere a kupatsirana ndikudziwa kuti ena a ife sizitikomera, choncho ndapempha a mfumu kuti adzakhalepo pa msonkhano wathu wotsatira kuti tidzamange mfundo imodzi. Ndalama ya ulendo imene inatsala ndapereka kwa msungichuma pamodzi ndi malisiti.