Madzi Afika M'khosi pa Inshuwalansi ya Zaumoyo

A Mkonzi,

Chaka ndi chaka ndalama imene amandidula ya inshuwalansi ya zaumoyo ikungokwera, pomwe malipiro anga sakusuntha. Mwezi watha ndinaperekeza mayi anga kukayezetsa shuga. Mtsikana wa pakauntala anatembenuza khadi, n'kugogoda pakompyuta, kenako n'kuti, "Matendawa anali nawo kale asanalembetse, mulipira nokha." Nanga ndalama zanga zonsezi zikupita kuti?

Inshuwalansi imayenda bwino athanzi akachuluka m'thumba limodzi. Mtengo ukakwera, achinyamata amathawa, kumatsala odwaladwala okhaokha, mtengo n'kukweranso. Ku Britain, kuyambira 1948, chithandizo cha m'zipatala zaboma chimalipiridwa ndi misonkho ya onse. Boma lathu liletse makampani a inshuwalansi kukana matenda akale, ndipo asamakweze mtengo osafotokoza chifukwa.

Ine wodandaula,
Wowerenga nyuzipepala yanu